Ku Chipata Kulibe Nyanja

Funsolo linachokera kumbuyo kwa kalasi, kumene kumakhala anyamata aja amene satsegula pakamwa pokhapokha akafuna kusokoneza phunziro. Anali masana a mu October, dzuwa likuswa mtengo, malata akuthetheka pamwamba pathu. Ndinali nditangolemba dzina la phunziro pabolodi monga momwe timalilembera kusukulu kuno, Cinyanja, lopanda h, pamene mnyamata wina wa Giredi 10, Mngoni wa kwa Mpezeni, anakweza dzanja mwaulesi.

"Aphunzitsi, nyanja yakeyo ili kuti?"

Anzake anaseka, inenso ndinaseka. Koma iye sanaseke. Anati kwawo amalankhula Chingoni, amayi ake ndi Ansenga, chibadwire sanaonepo madzi oposa damu la Lutembwe, ndiye n'chifukwa chiyani akumuvutitsa ndi mayeso a chilankhulo cha anthu a kunyanja? "Si cha ku Malawi chimenechi?" Apa kalasi inagawikana. Achewa a ku Katete ndi ku Chadiza anati dzina lenileni ndi Chichewa. Ena anati Chinyanja chenicheni n'cha ku Lusaka, cha m'mabasi. Mtsikana wina amene makolo ake anachokera ku Mchinji anangoweramitsa mutu. Ndinamumvetsa. M'dziko lino kutchedwa wa ku Malawi si nthabwala nthawi zonse. Ngakhale Kenneth Kaunda, amene analamulira Zambia kuyambira 1964 mpaka 1991, khoti la ku Ndola linagamula mu 1999 kuti si nzika, chifukwa makolo ake anachokera kutsidya kwa malire.

Ndinayankha mwachidule tsiku limenelo, ndipo yankho langa silinandikhutiritse ine mwini. Ndinabwerera kunyumba, n'kufukula makope amene ndinalembamo ndili ku yunivesite ku Lusaka, aja munthu amasunga osadziwa kuti adzawafuniranji. Zimene ndikulemba pano ndi yankho limene mnyamata uja anayenera kulandira.

Ndiyambire kutali pang'ono, kuti njira yake ioneke. Ku Ulaya kuli zilankhulo za Asilavo: Chirasha, Chipolishi, Chicheki, Chisebiya ndi zina. Munthu wa ku Moscow akafuna kunena nyanja ya pakati pa mtunda amati ozero. Wa ku Warsaw amati jezioro, wa ku Prague jezero. Akatswiri anayika mawuwa pamodzi, n'kuona kuti kusiyana kwake kukutsata dongosolo, ndipo anati onse ndi ana a liwu limodzi la makolo, limene amalilemba *ezero. Kanyenyezi kali kutsogoloko n'kofunika kwambiri. Kakutanthauza kuti liwulo palibe analimva ndi khutu, ndipo akatswiri achita kulimanga kuchokera kwa zidzukulu zake, monga momwe mungaganizire nkhope ya agogo amene sanajambulidwepo poyang'ana mphuno ndi mphumi za ana awo. Asilavo ali ndi mwayi umodzi: ali ndi zolembedwa zakale, zoyambira pa ntchito ya Cyril ndi Methodius amene anapita ku Moravia mu 863, choncho amatha kuyerekeza zomanga zawo ndi zolemba za nthawi imene zilankhulozo zinali zisanatalikirane. Ife tilibe mabuku otero. Zolembedwa zathu zakale zili m'kamwa mwathu momwemu.

Komabe njira yomweyo inagwira ntchito kuno. Wilhelm Bleek, Mjeremani amene ankasunga mabuku ku Cape Town, anaona kuti kuchokera ku Cameroon mpaka ku Natal anthu amatchula munthu ndi anthu mofanana, ndipo m'buku lake la 1862 anafalitsa dzina loti Bantu. Ababemba amati abantu, Atumbuka ŵanthu, Ashona vanhu, Aswahili watu, ife anthu. Ife tinataya b wa kutsogolo ndipo t tinamupatsa mpweya. Mu 1899, chaka chomwe azungu ankakhazikitsa Fort Jameson pano pamene tikuti Chipata lero, m'busa wina wa ku Germany, Carl Meinhof, anatulutsa buku loyamba kumanga mawu a chilankhulo cha makolo a Abantu onse. Pambuyo pake panabwera Malcolm Guthrie, amene anali mmishonale ku Congo asanakaphunzitse ku London. Mabuku ake anayi a Comparative Bantu anatuluka pakati pa 1967 ndi 1971. Ndiye amene anapatsa zilankhulo zathu manambala ngati ng'ombe za kudibi: Chinyanja N31, Chinsenga N41, Chitumbuka N21, Chibemba M42, Chiyao P21. Ku Tervuren, ku Belgium, A. E. Meeussen ndi omutsatira anapitiriza ntchitoyo.

Liwu lathu lili m'ndandanda umenewu. Tsinde lake amalilemba *-yanja, ena *-janja, ndipo tanthauzo lake ndi madzi aakulu otambalala. Mukaika n- kutsogolo, n- yemwe uja wa nyama, njoka ndi ng'ombe, mumapeza nyanja. Atumbuka amati nyanja ngati ife. Aganda a ku Kampala amati ennyanja. Ku Rwanda inyanja ndi madzi aakulu amchere. Asukuma a ku Mwanza amati nyanza, Ashona nawonso ali ndi nyanza pambali pa gungwa. Ayao amati nyasa.

Apa m'pamene ndimakonda kuchedwa ndi ana m'kalasi, chifukwa kufanana kwa mawu pakokha si umboni. Nyanja ikufanana ndi nyanga, koma palibe ubale. Ku Douala madiba ndi madzi, ndipo Nelson Mandela ankatchedwa Madiba, koma lakelo ndi dzina la mfumu yakale ya Athembu, ndipo wothamangira kuzilumikiza akhoza kugwa chagada. Umboni weniweni ndi woti kusinthako kubwerezeke m'mawu ena. Tengani njala. Ashona amati nzara: pamene ife tili ndi nj, iwo ali ndi nz. Njira, iwo nzira. Njovu, iwo nzou. Ndiye nyanja ikakhala nyanza, palibe chodabwitsa, lamulo lake ndi lomwelo. Nanga Ayao? Njala iwo amati sala. Nj wathu wasanduka s, ndipo n wagwa. Ikani lamulo limeneli pa nyanja, mupeza nyasa, ndendende. Nthawi yoyamba imene ndinaona zimenezi ndinamva ngati mwana amene wapeza kuti samu ya pabolodi ikugwirizana ndi chenji cha kumsika wa Kapata.

Pali kamodzi kosokoneza, ndipo ndikatchule chifukwa ndimadana ndi nkhani zosalala mopitirira. Anyarwanda amati inzara, inzira, inzovu. Potsata dongosolo tikanayembekezera inyanza, koma iwo amati inyanja. Liwu likaphwanya lamulo chonchi, ine ndimalikayikira kuti linachita kubwerekedwa kwa anansi, silinakulire m'nyumbamo. Mawu amayenda ndi asodzi, amalonda ndi akamwini, samangotsika kuchokera kwa agogo kupita kwa mdzukulu.

Tsopano onani zimene liwu limodzili linachita pa mapu. Mu August 1858 John Hanning Speke anafika pafupi ndi Mwanza, n'kuona madzi osaoneka tsidya lake. Anthu anamuuza kuti ndi nyanza. Iye anawonjezapo dzina la mfumukazi yake, n'kukhala Victoria Nyanza. Mu September 1859 David Livingstone anakwera ndi mtsinje wa Shire mpaka anafika pa madzi ena aakulu, ndipo dzina limene analemba ndi lija la m'kamwa mwa Ayao. Azungu awiri, nyanja ziwiri, onse anafunsa dzina, onse anauzidwa kuti "ndi nyanja", ndipo onse analemba yankholo ngati dzina. Lake Nyasa ndi "nyanja nyanja" basi. Kuchokera pamenepo panabadwa Nyasaland mu 1907, chigawo cha Niassa ku Mozambique, ndi chigawo cha Nyanza ku Kenya, chimene likulu lake linali Kisumu, kumene Aluo ambiri salankhula n'komwe chilankhulo cha Chibantu ndipo nyanja amaitcha nam. Anthu amene ankapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a kum'mwera anasenza liwu lomweli pamsana ngati chitonzo: ku Zimbabwe ankatchedwa Manyasarande. Mpaka lero Malawi amati Lake Malawi, Tanzania amati Nyasa, Mozambique amati Niassa, ndipo pansi pa mkangano wa dzinawo pali mkangano wa malire umene mizu yake ili m'pangano la Britain ndi Germany la 1890.

Zonsezi sizinayankhebe mnyamata wanga. Iye sanafunse kumene liwu linachokera, anafunsa chifukwa chimene linamugwera iyeyo.

Mbiri ya pakamwa ya Achewa imati makolo anachokera ku Uluwa, m'dziko la Congo la lero, ndipo Kalonga anakhazika likulu lake ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, chakum'mwera kwa nyanja. Yusuf Juwayeyi anakumba pamalopo n'kupeza mikanda, mbale zakunja, mkuwa ndi minyanga, zosonyeza kuti unali mzinda wa malonda. Kuchokera kumeneko Undi anapatuka kulowera kumadzulo, n'kukakhazikika ku Mano, m'chigawo cha Tete, ndipo ufumu wake unafalikira mpaka kuno. Likulu la Gawa Undi linasamukira mbali ino ya malire m'zaka za m'ma 1930, n'chifukwa chake Kulamba timachitira ku Mkaika mwezi wa August. Anthu a Maravi amenewa ankatchulana potengera kumene akukhala. A m'mphepete mwa nyanja ndi mwa Shire anali Anyanja. A m'tchire la udzu wautali anali Achipeta. Kunalinso Amang'anja kumunsi kwa Shire, ndi Achewa kumtunda kuno. Msilikali wa Chipwitikizi, António Gamitto, amene anadutsa dera lino mu 1831 ndi 1832 pa ulendo wa kwa Kazembe, analemba za Amaravi ndi Achewa. Agogo athu a kuno sankadzitcha Anyanja.

Dzinalo linabwera ndi mabuku, ndipo mabuku analowera kumadzi. Mtanthauziramawu woyamba wa chilankhulo chathu sanalembedwere kuno kapena ku Malawi, koma kufupi ndi Mombasa. Mmishonale Johannes Rebmann anakumana kumeneko mu 1853 ndi munthu wotchedwa Salimini, amene anagwidwa ukapolo n'kuwolotsedwa nyanja. Awiriwa anasonkhanitsa mawu, ndipo bukulo linasindikizidwa mu 1877, Rebmann atamwalira kale, ndi dzina loti Dictionary of the Kiniassa Language. Kiniassa, ndiye kuti Chinyasa, monga momwe anthu a kugombe ankatchulira aliyense wochokera chakunyanjako. Chimene chimandikhudza n'choti Salimini sanali msodzi. Kwawo kunali kumtunda, kumadzulo kwa nyanja, dera la Lilongwe wa lero, ndipo Chichewa chake n'chapafupi ndi chathu. Munthu woyamba kupereka mawu a "chilankhulo cha kunyanja" anali wa kumtunda ngati mnyamata wanga uja, ndipo nayenso dzinalo anachita kupatsidwa ndi ena.

Amishonale a ku Scotland ndi a Anglican amene anatsatira Livingstone anafika pa sitima, n'kumanga m'mphepete mwa madzi ndi m'mapiri a Shire: Cape Maclear mu 1875, Blantyre mu 1876, kenako Likoma. Anthu oyamba kuwaphunzitsa kulankhula anali Anyanja ndi Amang'anja. Alexander Riddel anatulutsa galamala ya Chinyanja mu 1880, David Clement Scott mtanthauziramawu wamkulu wa Chimang'anja mu 1892. Pamene a Dutch Reformed anakwera kumtunda n'kutsegula Mvera mu 1889, dzina linali litakhazikika kale m'mabuku, ngakhale kuti anthu amene ankawalalikira anali Achewa. Baibulo lathunthu la 1922, limene William Murray anatsogolera kumasulira, linatchedwa la Chinyanja.

Kuno linafika motere. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa. Gulu la Mpezeni, litayenda kwambiri ndi kukhala zaka pakati pa Ansenga, linadzakhazikika kuzungulira mapiri ano cha m'ma 1870. Ana ankaleredwa ndi amayi a Chinsenga ndi a Chichewa, ndipo chilankhulo cha ku Natal chinayamba kuzilala m'nyumba, n'kutsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'mayamiko a mafumu, zija timamva ku Mtenguleni pa Nc'wala. Chimene mnyamata wanga amachitcha Chingoni, ndipo ali ndi ufulu wochitcha choncho, mafupa ake ambiri ndi a Chinsenga. Kumayambiriro kwa 1898 asilikali a azungu anagonjetsa Angoni, Nsingo mwana wa Mpezeni anaphedwa, ng'ombe zinalandidwa. Chaka chotsatira amishonale a Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State anatsegula Magwero, kenako Madzimoyo mu 1903, chaka chomwenso Abambo Oyera anafika ku Kachebere pamalire. Sanayambe kulemba mabuku atsopano m'Chingoni kapena m'Chinsenga. Anatenga amene analipo kale kutsidya, pamodzi ndi aphunzitsi ake. Mwana wa Mngoni anaphunzira a, e, i, o, u m'buku lolembedwa kuti Chinyanja.

Boma linamaliza ntchitoyo. Fort Jameson inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, ndipo makalaliki, amesenjala ndi asilikali ambiri oyambirira anali ochokera ku Nyasaland kapena a kuno kum'mawa. Chinyanja chinakhala chilankhulo cha apolisi m'dziko lonse. Likulu litasamukira ku Lusaka mu 1935, anthu a kum'mawa anatsika ndi msewu waukulu uja kukafuna ntchito, ndipo mzindawo unayamba kulankhula Chinyanja chakechake, chosakaniza ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi. Liwu lotanthauza madzi aakulu linakhala dzina la chilankhulo cha mzinda wa fumbi, umene madzi ake ena amachita kupopa kuchokera ku Kafue.

Kenako 1968. Msonkhano wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti chilankhulochi chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale cha dziko lonse, monga ankafunira Kamuzu Banda, Mchewa wa ku Kasungu. Chaka chomwecho Kamuzu analankhula zoti malire enieni a Malawi amalowa m'kati mwa Zambia ndi Tanzania, ndipo Kaunda sanazilandire bwino. Zambia inasunga dzina lakale. Ine ndimaona kuti inachita bwino, ngakhale Achewa anzanga ena amanditsutsa. M'chigawo chino muli Achewa, Ansenga, Angoni, Akunda, Atumbuka. Kutcha phunziro la kusukulu Chichewa kukanakhala kuuza enawo kuti akuphunzira za eni ake. Dzina loti Chinyanja ubwino wake ndi womwe uja mnyamata anadandaula nawo: kuno palibe mwini wake. Mchewa wa ku Katete alibe nyanja, Mnsenga wa ku Petauke alibe, Mngoni wa ku Feni alibe. Tonse tinalivala ngati yunifolomu. Mu 1977 unduna wa maphunziro unavomereza kalembedwe kathu, kaja kochotsa h, ndipo kuyambira pamenepo buku la ku Lusaka ndi la ku Blantyre mumalizindikira musanawerenge chiganizo chonse.

Sindikunena kuti yunifolomuyo simathina. Kuyambira 2014, pamene ana a Giredi 1 mpaka 4 anayamba kuphunzitsidwa m'zilankhulo za m'madera, mwana wa ku Lundazi amene kwawo amalankhula Chitumbuka ankakumana ndi Chinyanja tsiku loyamba la sukulu ngati kuti ndi chilankhulo cha amayi ake. Ambuya anga, Mnsenga wa ku Nyimba, ankandiseka ndikalankhula zimene ankazitcha Chinyanja cha m'tchalitchi. Dandaulo la mnyamata uja lili ndi maziko, ndipo mbiri ya liwu silichotsa dandaulolo.

Koma m'makope anga aja ndinapezamo china chimene sindinachisamale ndili wophunzira. Zitsanzo zonse za *-yanja zimene ndatchula n'za kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Akatswiri ambiri lero, potsatira Joseph Greenberg, amati makolo a zilankhulo za Chibantu anali kumalire a Nigeria ndi Cameroon zaka 4,000 kapena 5,000 zapitazo. Guthrie ankaganiza kuti phata lake linali kum'mwera kwa Congo, kufupi ndi kwathu kuno, koma maganizo amenewo anagonja. Kanyenyezi kaja sikanena zaka. Liwu likhoza kukhala ndi nyenyezi koma n'kukhala la nthambi imodzi yokha, lobadwa kapena lofala pamene anthu anafika kudera la nyanja zikuluzikulu. Ndiye ndinafunafuna liwu la madzi limene likufika mpaka kuchiyambi kwenikweniko, ndipo ndinalipeza pafupi kwambiri, kuseri kwa sukulu, kumene ana amakawedza timilamba mvula ikatha.

Dziwe. Tsinde lake ndi *-diba. Ku Douala, pafupi ndi kumene ulendo wonse unayambira, madiba ndi madzi. M'Chilingala liziba ndi kasupe. Ababemba amati icishiba, ndipo nyumba yotchuka ija ya Stewart Gore-Browne, Shiwa Ng'andu, inatenga dzina ku Ishiba Ng'andu, dziwe la ng'ona. Ashona amati dziva, ndipo ena mwa iwo ndi mfunda wawo. Azulu amati isiziba, malo akuya a mumtsinje. Aswahili amati ziwa, ndipo kwa iwo liwuli linakula mpaka kutanthauza nyanja yeniyeni, moti pa mapu a ku Tanzania pamalembedwa Ziwa Nyasa: mawu awiri a makolo atakhala moyandikana, dziwe ndi nyanja, onse akunena chinthu chimodzi. Kwa ife b wa pakati anafewa n'kukhala w, monga anachitira m'mawu ena ambiri, ndipo tanthauzo linakhala laling'ono. Kuchokera ku Cameroon mpaka ku Durban, liwu lonyozekali ndi limene lili paliponse.

Anthu amene analibweretsa kuno anasiya zizindikiro m'nthaka. David Phillipson, amene anafufuza chigawo chino ndi kutulutsa buku lake The Prehistory of Eastern Zambia mu 1976, anakumba ku Kamnama, kumpoto kwa Chipata, n'kupeza mudzi wa anthu osula chitsulo ndi oumba mbiya wa cha m'ma 300 kapena 400, mbiya zake zofanana ndi za ku Nkope m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Mapale sauza munthu chilankhulo cha woumba, koma akatswiri ambiri amagwirizanitsa midzi yotereyi ndi kufika kwa olankhula Chibantu. Iwo sanapeze dziko lopanda anthu. Kuphanga la Kalemba, ku Chadiza, anthu anakhalako zaka zoposa 30,000 zapitazo, ndipo zidzukulu za alenje amenewo ndi aja nthano zathu zimawatcha Akafula. Chilankhulo chawo chinafa. Ndikamanyadira kukalamba kwa dziwe ndimakumbukiranso kuti nalonso linali liwu la obwera, ndipo linakankha lina.

Sabata yotsatira ndinabwerera m'kalasi ndi zonsezi, zochuluka kuposa za mphindi makumi anayi. Ndinajambula mizere pabolodi: njala, nzara, sala, nyanja, nyanza, nyasa. Ndinawonjeza mzere wa Chizulu chifukwa cha mnyamata uja, kuti aone chilankhulo chimene makolo ake ananyamuka nacho. Njala, indlala. Njovu, indlovu. Njira, indlela. Dzanja, isandla. M'mawu onsewa, pamene ife tili ndi nj, iwo ali ndi ndl. Ndinamuuza kuti awerengere yekha: nyanja ikanakhala chiyani m'kamwa mwa asilikali a Zwangendaba? Anayesa, akuchita manyazi pang'ono: "Nyandla?" Ndinati chotsa n- wa kutsogolo, tsinde lokha. "Andla." Pamenepo ndinalemba liwu limene Azulu amatchulira nyanja yamchere: ulwandle. U-lu-andle. Mutu wake ndi wina, lu- m'malo mwa n-, ndipo mapeto ake ndi e osati a, choncho sindinawauze kuti ndi liwu lomwelo. Ndinawauza kuti ine ndikaliyang'ana ndimaona mphuno ya kwathu, ndipo kuti ndikukhulupirira kuti ndi pachibale. Ngati ndi choncho, Angoni ananyamuka kufupi ndi Indian Ocean atasenza -andle, anayenda zaka makumi ambiri kudutsa Zimbabwe, Zambezi, mpaka Ufipa ku Tanzania n'kubwerera, analitaya panjira pamodzi ndi mawu ena, ndipo zidzukulu zawo zinalilandiranso kwa amishonale litavala malaya ena.

Mnyamatayo anangoti, "Komabe nyanjayo kulibe." Sindinamutsutse.

Amene anandidabwitsa ndi mtsikana wina wa kutsogolo, Mlozi, mwana wa wapolisi amene anasamutsidwira kuno kuchokera ku Mongu. Chaka chonse ankakhala chete m'phunziro langa chifukwa anzake ankaseka katchulidwe kake. Anakweza dzanja n'kunena kuti kwawo njala ndi tala, ndipo njovu ndi tou.

"Ndiye nj wathu kwanu ndi chiyani?" ndinamufunsa.

"Ndi t, aphunzitsi."

"Nanga nyanja yaikulu ija yamchere mumati chiyani?"

Anakhala kaye chete, milomo ikuyenda, akuwerengera. Kenako maso anatuluka. "Liwate."

Chilozi chinachokera ku Chisotho cha Akololo a Sebetwane, amene anathawa nkhondo zomwe zija zinathamangitsa Angoni, n'kufika ku Barotseland cha m'ma 1840. Asotho amati lewatle, tlala, tlou. Alozi anafewetsa tl kukhala t. Zimenezi sindinazikonzekere, ndipo m'makope anga munalibe. Ndinamupatsa choko, iye anapita kubolodi n'kulemba liwate pansi pa ulwandle, pansi pa nyasa, pansi pa nyanza, ndi zilembo zing'onozing'ono zopendekera kumanja. Belu linalira ali pakati polemba mzere wa tala ndi tou, ndipo mphunzitsi wa masamu anaima pakhomo ndi mabuku ake kudikira kuti amalize.